Batani Lokana Mzere

"Mizere inayi, tiyeni!" anakuwa Mayi Telala, mtsogoleri wa kwaya, tepi yoyezera ili lende m'khosi.

Oimba onse 37 anakankha mabenchi, akukhulana mapewa. Mizere inakwana bwinobwino, koma kumapeto kunatsala munthu mmodzi ali njo: mkulu amene onse ankamutcha Abesi, yemwe mawu ake anali atayamba kunjenjemera ndi ukalamba.

Anayesa mizere iwiri, itatu, isanu ndi umodzi. Mmodzi ankatsalabe. Atayesa isanu, kunatsala awiri.

"Alamu, 37 ndi nambala yamwano," anatero mlamu wawo woliza limba. "Sigawika, imangomvera 1 ndi iyo yomwe. Koma 36 ndi mwana wakhalidwe: pawiri, patatu, panayi, amangoti chabwino. Ndipo mawa oweruza mpikisano akaona wina watulukira ngati dzino lomera pambali, atidula mamalikisi."

Palibe anatchula munthu, koma maso onse anapita kumodzi.

"Fupa lokakamiza limaswa mphika, ana anga," anatero Abesi akutola chipewa. "Ine ndikakhala kwa oomba m'manja."

Mayi Telala zinawalasa mtima. Mkuluyu ndi amene anawaphunzitsa kuimba adakali kamtsikana. Mayiwo anatulutsa kachitini m'chikwama, n'kuwerengera mabatani 37 patebulo. Anawandanda uku, anawandanda uko, limodzi likungokana. Atakwiya, anawasonkhanitsa ndi zikhato kuti awabwezere m'chitini.

Manja anaima. Pakati pa mulu panali batani limodzi, ndipo asanu ndi limodzi anali atalizinga, onse okhudzana, popanda mpata. Anatola ena n'kuzunguliza. Analowa 12 ndendende. Anazungulizanso: 18. Atapapasa patebulo kufuna lina, panalibe.

"Alamu, tabwerani muwerenge, mwina maso anga akunama."

Mlamu anawerenga ndi chala, kenako anabwerezanso. "Limodzi, 6, 12, 18... Mayo ine! Chisa cha njuchi chenicheni!"

Oimba anaunjikana. Wina anazungulira tebulo lonse, n'kupeza kuti kulikonse kumene waima mizere ndi yomweyo: anayi, asanu, kukwera mpaka asanu ndi awiri, n'kutsikanso.

"Ndiye kuti zinalimo kale," ananong'ona Mayi Telala. "Tisanabadwe, holo ino isanamangidwe, 37 inali itakhala chonchi, kudikira woti aione."

Anachotsa batani lapakati. Panatsala dzenje loonekera patali. Analibwezera msanga.

"Abesi, ikani chipewa pansi. Popanda inu tili ndi chiboo."

"Komanso pakatipo mukaphonya noti, oweruza sakadziwa kuti ndinu," anawonjezera mlamu.

"Iwe, limba lakolo ndi limene limaphonya," anayankha mkuluyo, akupukuta m'maso ndi chala chachikulu.

Anayenda pang'onopang'ono mpaka pakati pa holo. Oimba asanu ndi mmodzi anabwera n'kumuzinga, ena n'kutsatira, osauzidwa poti aime.