Dothi la pa Malo C

"Anthu mazana anayi? Onsewo akutchula iwe?"

"Inde, amayi. Ena ali ku China, ena ku Brazil."

"Unawalakwira chiyani?"

Annet Matewere anaseka, koma anaseka yekha. Mayi ake, a Melina, anali atakhala pa chigubu pakhomo la nyumba yawo ku Hopley, kunja kwa tauni, akumasula mitolo ya masamba a kovo n'kumaimanganso. Annet anali atatsika kombi, minibasi ya kumeneko, ndi nkhani yabwino mkamwa. Ku yunivesite, kumene wakhala akuphunzitsa za nthaka ngati waganyu, tsopano amulemba ntchito yokhazikika. Chinamutsegulira khomo ndi pepala limodzi lomwe analemba zaka zisanu zapitazo, limene akatswiri anzake akhala akulitchula m'zolemba zawo.

"Kumeneko kutchulidwa si miseche, amayi. Munthu akalemba kafukufuku wake n'kunena kuti izi anayamba kuziona ndi Matewere, kompyuta imawerenga. Akakutchula ambiri, ndiye kuti ndiwe munthu."

"Ndiye kuti bambo ako anafa asali munthu," anatero a Melina. "Ku famu kuja ankangotchulidwa ng'ombe ikasowa."

Annet ankakonda masewera a manambala kuyambira ali mwana, ndipo kuwerengana kwa akatswiriku kunkamukomera ngati ndagi. Nambala yake inali 14, kutanthauza mapepala khumi ndi anayi, lililonse lotchulidwa kosachepera kakhumi ndi kanayi. M'mawa uliwonse, asanasukusule n'komwe, ankatsegula foni kuti aone ngati wina kutsidya kwa nyanja wamukumbukira. Ankadziwa kuti ambiri sanawerenge zimene analemba. Ankangokopera dzina lake kwa wina, amenenso analikopera kwa wina. Koma kompyuta sifunsa zimenezo.

Apa m'pamene anaona chimene akanayenera kuona polowa. Linali Loweruka, dzuwa lili paliwombo, koma masamba onse anali pakhomo, atayamba kufota.

"Lero simunapite ku Musika?"

"Ndapita. Ndabwerako."

"Ndi katundu yense?"

Mlongo wake Desmond, amene amakankha ngolo ya masambawo, anatuluka m'nyumba foni ili m'manja. "Muuzeni, mhamha," anatero kwa mayi ake. "Kapena ndimuyatsire wailesi yake?"

Sanadikire yankho. M'foni munatuluka mawu a mayi wina, m'Chishona, akuthamanga ngati wolengeza maliro. Musagule masamba a ku Hopley. Ali ndi poizoni. Anayeza ndi dokotala wa nthaka, Annet Matewere, mwana wa komweko. Tumizirani onse amene mumawakonda. Mabwidi atimaliza.

Liwu lakuti mabwidi Annet anakula nalo. Ndi limene anthu amatukwanira ana a anthu ochokera ku Malawi, ngakhale iwo amene Malawiyo sanamuonepo.

"Ameneyu ndi wa 401, sisi," anatero Desmond. "Kompyuta yako yamuwerenga?"

Dothi la pepala lija linachokera konkuno. Annet analitapa m'timapulasitiki m'dimba la mayi ake ndi m'madimba oyandikana nawo, m'mbali mwa kamtsinje kamene kamalandira ngalande yochokera ku mafakitale. Anawauza kuti n'za kusukulu, ndipo anthu anamupatsa ndi manja awiri. Anapezamo mtovu wambiri, m'dothi ndi m'masamba momwe. Polemba, dzina la Hopley analibisa, n'kungoti Malo C, ndipo anadziona wochenjera. Koma pa mapu anasiyapo kukhota kwa kamtsinjeko ndi manda a ku Mbudzi. Ndagi yake inakhala zaka zisanu osamasulidwa, mpaka sabata ino pamene wina wa nthawi yambiri anaimasula.

"Zikomo pakhomo pano!"

Anali bambo Zebedee, amene kale anali kapitawo ku famu ndipo tsopano amatsogolera alimi a m'madimba. Pambuyo pawo panali amayi atatu, manja atapinda pachifuwa. Bambo Zebedee anavula chipewa, anapereka moni kwa aliyense mosafulumira, n'kukhala pa njerwa.

"A dokotala, mwafika bwanji? Tamva kuti mwatchuka."

"Ndafika bwino, bambo. Kaya inu?"

"Ife tili monga mukuonera masambawa. Koma sitinabwere kudzakangana. Pakamwa pamene pawononga ndi pomwenso pakonze." Anatulutsa foni yawo yong'aluka galasi n'kuiika pa bondo la Annet. "Mulankhulemo pang'ono, m'Chishona, kuti a ku Musika amve. Ana andiwerengera pepala lanu lija. Kodi munalembapo kuti Hopley?"

"Ayi, bambo."

"Ndiye mungonena zomwezo. Ine Annet Matewere sindinalembepo kuti Hopley. Bodza lili pati pamenepo?"

Annet anaiyang'ana foniyo. Mkati mwake china chake chinagoma, chifukwa msampha unali wotchedwa mwaluso. Liwu lililonse likanakhala loona, koma onse pamodzi akanakhala bodza. Lolemba masamba akanagulidwa. Mayi ake akanabwerera pamzere wawo ku Mbare Musika, mutu uli m'mwamba. Anaganizanso kuti mawuwo akafika ku yunivesite tsiku lomwelo, ndipo anachita manyazi kuti ganizo limeneli ndi limene linatsogola. La ana akudya mtovu, umene umapha nzeru mwakachetechete, linabwera pambuyo ngati mlendo wochedwa.

Anadina batani. "Ndini Annet Matewere," anatero. Amayi atatu aja anasendera pafupi. Kachizindikiro kofiira kankaphethira, kudikira. Ngolo ya madzi inadutsa pamsewu ikulira mateyala. Annet anachotsa chala.

"Sindingathe, bambo. Malo C ndi pano. Mtovuwo ulimodi."

Mmodzi wa amayi aja anawomba m'manja kamodzi n'kutukwana m'Chishona. Wina anafunsa ngati dokotala adzawalemba ntchito yosesa ku yunivesite. Bambo Zebedee anatenga foni yawo, anaipukuta pa thalauza, n'kuimirira movutikira.

"Dothi lija ndinakukumbira ndine, ndi khasu langa," anatero. Ulemu wa udokotala unali utatha. Kenako anatembenukira kwa a Melina. "Make Desmond, za dimba lanu tikakambirana patokha. Mumva."

Anavala chipewa ali pakhomo pomwepo. Sanatsanzike.

A Melina sanawaperekeze. Mtolo wa kovo unali pamiyendo pawo. Atalankhula, mawu awo anali otsika.

"M'mawa uno ndakangana ndi msika wonse. Ndinati ndi nsanje, mwana wanga sanganene zimenezo. Ndinalumbira, Annet. Ndinatchula Mulungu."

"Amayi..."

"Ndi zoona?"

"Ndi zoona."

"Mwana wa Desmond amadya masamba amenewa tsiku ndi tsiku. Ndimamudyetsa ndine."

Annet anayamba kufotokoza. Kumapeto kwa pepalalo analemba kuti akuluakulu achitepo kanthu, kuti ngalande itsekedwe, kuti alimi apatsidwe malo ena. Analembanso kuti pakufunika kafukufuku wina. Zonsezi zinalimo, ndime yathunthu.

"M'Chingerezi," anatero Desmond.

M'thumba mwa Annet foni inanjenjemera, ndipo dzanja lake linapita lokha kukaigwira asanaliletse. A Melina analiona dzanjalo. Anaika mtolo uja pansi, pamwamba pa inzake, n'kumuyang'ana mwana wawo m'maso.

"Zaka zisanu, Annet. Ife unkati utiuza liti?"