Bumerang'i Yamanzere ya Noeleen

Lindsay Prowse anali ndi mabumerang'i akale, timitengo tokhota tobwerera kwa woponya, oposa mazana awiri m'makabati agalasi, iliyonse ili ndi kapepala kotchula wosema ndi chaka. Ankawagwira atavala magolovesi. Za mabumerang'i ankadziwa zonse, kupatula kuponya.

Noeleen Tarrant anali atatha nsapato kwa anthu osunga zakale ngati ameneyu, kufunafuna bumerang'i imodzi yokha. Bambo ake, a Clarrie, ankasema mabumerang'i ku La Perouse n'kumagulitsa kwa alendo odzaona nyanja. Mabumerang'i onsewo anali oponya ndi dzanja lamanja, kupatula imodzi imene anasemera mwana wawo wamanzereyu ali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Lamlungu lina katundu atatha, mlendo wina anasirira ya mwanayo, a Clarrie n'kumugulitsa bumerang'iyo. Analonjeza kuti asema ina, koma chifuwa chinawatenga chaka chomwecho. Noeleen anamera imvi mkwiyowo usanathe.

M'makabati a Prowse sanapezemo kanthu. Akuti azitsanzika, mwini nyumbayo anakoka dilowa yapansi, mmene ankaponyamo zimene ankati n'zolakwika. Mmenemo Noeleen anaizindikira bumerang'i yake ija ndi zala, chifukwa m'mphepete mwake inali yopalidwa mbali inayo. Pakapepala kake panalembedwa kuti wosema sadziwika, anaipala molakwika, ndipo sibwerera.

Prowse anafotokoza kuti atangoigula kalekale anaiponyapo kangapo, koma inkangogwa ngati chikuni.

"Munkaponya ndi dzanja liti, bambo?" anafunsa Noeleen.

"Lamanja, mayi. Nanga n'kuponyeranso liti?"

Noeleen anapempha kuti apite nayo kubwalo la mpira kuseri kwa nyumbayo. Prowse anayamba wakana, ati mtengo wa zaka makumi asanu suchedwa kusweka. Koma zoti kapepala kake kakunama zinamuwawa kuposa manthawo, choncho anamutsatira, magolovesi ali m'manja.

Pabwalopo Noeleen anathothola udzu n'kuuwaza m'mwamba kuti aone kochokera mphepo, monga anamuphunzitsira bambo ake. Anaponya ndi dzanja lamanzere, phewa lake n'kulira. Bumerang'i ija inakwera, inakhotera kumanja, inazungulira pamwamba pa golo, n'kudzagwa pafupi ndi mapazi ake.

Anawerama n'kuitola. Sanasangalale ayi, anangowasowa kwambiri bambo ake.

Prowse anatulutsa cholembera, anakhwatcha mawu akale aja, n'kufunsa dzina la wosemayo. Atalemba, anatambasula dzanja kuti ailandire, ati tsopano ichoka m'dilowa, izikhala pamwamba penipeni m'galasi.

Noeleen sanaisiye.

"Bambo anga anagulitsa chinthu chimene sichinali chawo," anatero.

Prowse anakhala kanthawi dzanja lili m'malere. Kenako anamupatsa kapepala kaja kuti atengenso.