Masiki Imodzi Pageti la Chipatala

Moni kwa inu nonse amene mwafika patsamba lino. Tiyambe ndi kuthokoza Mwini moyo, amene watisunga kufikira lero tikupuma mpweya wake waulere, pamene ena amene tinkakhala nawo benchi imodzi kutchalitchi anatisiya m'nyengo ija ya mliri. Nkhani ino ndi ya nyengo imeneyo, masiku a m'bindikiro, pamene malamulo ankagwa pawailesi ngati matalala, ndipo owalengeza ndiwo anali oyamba kuwalumpha.

Kuseri kwa depoti ya basi, mumdadada wa nyumba zogundana makoma, munkakhala mayi wina amene aneba anamupatsa dzina loti Mayi Sopo. Silinali dzina laulemu ayi. Analipeza chifukwa chakuti mliri utangolengezedwa, iye anaika ndowa ndi sopo pakhomo pake, ndipo aliyense wofuna kugogoda ankayamba wasamba m'manja, ngakhale wodzapempha machesi. Aneba ankaseka mpaka kugwira nthiti, iwo ali phwanthi pakhonde limodzi, akupatsirana kapu imodzi ya madzi kwinaku akudandaula kuti boma silikuchitapo kanthu.

Mayi Sopo sankachita izi poopa apolisi. M'chipinda chake chamkati munkagona bambo ake omubereka, nkhalamba yodwala mphumu, imene chifuwa chake chinkalira ngati chitseko chosathira mafuta. Owasamala analipo yekha. Chifukwa cha iwo anasiya kupita kukwaya, iye amene mawu ake ankanyamula mzere wonse wa amayi, n'kumangoimba yekha akusita zovala. Chimene ankafuna chinali chimodzi: matendawo asalowe pakhomo lija.

M'mawa wina kampope kopumira ka bambo aja kanatha. Mayi Sopo anakagwedeza pafupi ndi khutu, koma munali zii.

"Usavutike, mwanangu," anatero bambo ake, mawu akuduka pakati. "Ndizipuma... pang'onopang'ono."

"Mpweya sasunga ngati shuga, ababa. Khalani tsonga, musagone chagada. Ndikubwera pompano."

Anawatsamiritsa pamapilo, n'kuvala masiki yake yansalu imene ankaichapa tsiku ndi tsiku. Anatuluka akuthamangira, chifukwa masiku amenewo zenera la mankhwala kuchipatala linkatsekedwa dzuwa likafika pamutu, akuti pofuna kuteteza anthu.

Zimene anaona mumsewu zinali zomwe zija. Bala ya pakona inali yotseka kumaso ndi loko wamkulu ngati mutu wa mwana, koma kuseri kwake kunkamveka nyimbo ndi kugundana kwa mabotolo. Pashopu panali ndowa yosambira m'manja youma gwaa, akangaude atamangamo kale nyumba. Kenako panadutsa lole ya apolisi itadzaza anthu ogwidwa chifukwa choimirirana pafupi. Anawapanikiza m'menemo ngati matumba a makala, wina mphuno ili m'khwapa mwa mnzake, kupita nawo kukawaphunzitsa kutalikirana. Mayi Sopo anangotsonya m'kati mwa masiki yake n'kupitirira.

Kuchipatala anzeru ena anaganiza zotseka mageti aakulu onse n'kusiya kakhomo kamodzi kam'mbali, akuti kuti anthu asathithikane. Ndiye khamu lonse linaunjikana pakakhomo kameneko. Pansi anajambulapo timabwalo toyera toimapo munthu mmodzimmodzi, koma pakabwalo kalikonse panaima banja lathunthu.

Pakhomopo panali mlonda amene anthu ankamutcha Kaputeni. Masiki yake inali pansi pa chibwano, ngati yoti ichirikize nsagwada kuti zisagwe. M'manja anali ndi kamfuti koyezera kutentha kwa thupi kamene mabatire ake anatha kalekale. Ankangolozetsa pamphumi pa munthu, n'kuyang'ana kagalasi kakuda bii, n'kunena mwaulemerero, "Mulibe. Lowani."

Mayi Sopo anaima pamzere, zigongono atazitambasula kuti asamugunde. Atatsala pang'ono kufika, kunamveka hutala. Inali galimoto yaitali yamagalasi akuda. Kaputeni anathamanga mpaka chipewa kugwa, n'kutsegula geti lalikulu lija ankati silitsegulidwa, n'kuimika saluti. M'galimotomo munadzaza anthu onenepa bwino akuseka, pakamwa pali pamtunda, ndipo palibe anawalozetsa kamfuti. Khamu litaona geti lotsegula linakhamukira komweko. Mayi Sopo anakankhidwa uku ndi uku, chikwama cha munthu wina chinakola chingwe cha masiki yake, chingwe chija n'kuduka. Masiki inagwera m'ngalande yamadzi akuda, ndipo nsapato zingapo zinaipondaponda iye akuona.

Sanataye nthawi. Anavula mpango wakumutu, n'kuupinda mochindikala, n'kuumanga zolimba kuphimba mphuno ndi pakamwa. Geti litatsekedwanso, nthawi yake inakwana.

"Imani pomwepo, mayi," anatero Kaputeni. "Chimenecho n'chiyani?"

"Ndi mpango, bambo. Masiki yanga yagwera m'ngalande pamene mumatsegulira galimoto ija."

"Lamulo likuti masiki. Silinati mpango. Mawa wina abwera atavala sokosi kukamwa, ndidzamulole?"

Anthu anaseka, chifukwa munthu wogwira kiyi nthabwala zake zimakoma nthawi zonse.

"Nanga yanuyo ili kuti?"

"Si iyi?" Analoza pachibwano. "Ine ndili pantchito, mayi, ndimayankhula ndi anthu. Mukufuna ndizimveka ngati ndili m'botolo? Patukani. Wotsatira!"

"Bambo anga akubanika kunyumba. Ndikungofuna kampope basi."

"Aliyense pano ali ndi bambo ake. Patukani."

Anapatuka. Apa bambo wina wamanja akuda ndi girisi, wokonza njinga, anamukodola ndi chigongono.

"Achemwali, mwabwera lero loyamba eti? Musalimbane naye ameneyo, mutu wake ndi wosungira chipewa basi. Dikirani masiki yathu ikubwera."

"Yathu?"

"Ya tonse. Onani uko."

Mayi Sopo anayang'ana kumene ankaloza. Bambo wina amene anali atangolowa anayenda m'mbali mwa mpanda wawaya mpaka kuseri kwa kanyumba ka mlonda, n'kuvula masiki, n'kuitulutsira pabowo la waya. Kunja dzanja lina linailandira, mwini dzanja n'kuivala, n'kukaima pamaso pa Kaputeni. "Mulibe. Lowani." Nayenso anatsata mpanda uja, masiki n'kutulukanso.

"Mwini wake ndani?" anafunsa Mayi Sopo.

"Aa, ameneyo anapita kwawo kalekale. Inayamba m'mawa uja. Yalowa m'chipatala muno kambiri kuposa adokotala."

"Ndiye mlondayu sakuona?"

"Akuona bwinobwino. Iye anauzidwa kuti pakhomo pazidutsa masiki. Ikudutsa, si choncho? Mukufuna adandaule chiyani?"

Abale anga, si lero pamene anthu anayamba kutsuka chikho kunja kokha m'kati muli mphemvu. Koma Mayi Sopo anali asanaonepo uchitsiru woyenda mwadongosolo chonchi, wolamula ndi olamulidwa atagwirizana bwinobwino ngati kwaya yophunzira mokwanira. Ndipo aliyense pamzerepo ankatukwana boma kuti likulephera kuthetsa mliri, kwinaku akudikira nthawi yake yoti anunkhize malovu a mnzake.

Masiki ija inafika pafupi ndipo anaiona bwino. Kale inali yabuluu. Tsopano inali ndi mtundu wa madzi otsukira mbale, m'mphepete muli chipsera cha zopaka m'milomo, pakati pali ponyowa. Amene anali atangoivula anali mkulu wina woonda, wotsokomola chifuwa chochokera pansi penipeni, chija chimagwedeza mapewa.

"Tengani, achemwali, ndakupatsani malo anga," anatero wokonza njinga.

"Ayi, zikomo. Pitani inuyo."

"Kunyada kumeneko mukamwa ndi madzi kunyumba," anatero mayi wina wobereka mwana kumbuyo, n'kuitsomphola.

Mayi Sopo anayang'ana uku ndi uku. Ogulitsa mamasiki anali atathamangitsidwa ndi apolisi m'mawa womwewo chifukwa chosonkhanitsa anthu. Kubwerera kunyumba kukatenga ina kunali kutali, akanapeza zenera litatsekedwa. Anapempha mayi wina wotuluka kuti amubwereke yake, koma mwini wake anangofulumiza mapazi, ndipo Mayi Sopo sanamuimbe mlandu. Chithunzithunzi chake chinali chitafupika mpaka kumapazi. M'makutu mwake munkamveka kulira kwa chifuwa chija.

"Akutseka zenera!" wina anakuwa cham'kati.

Masiki itatulukanso pabowo, dzanja limene linailandira linali lake. Anaigwira pachingwe ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa. Pemphero lake linali lalifupi ndiponso losakometsera: "Ambuye, mukuona nokha. Ine ndayesetsa." Anaivala pamwamba pa mpango uja. Fungo la fodya ndi la m'kamwa mwa anthu osawadziwa linaboola nsalu n'kumufika kukhosi.

Kaputeni anamulozetsa kamfuti kakufa kaja, n'kuyang'ana kagalasi mwachidwi ngati akuwerenga nkhani yofunika.

"Mulibe. Lowani. Mwaona, mayi? Lamulo silivuta. Ovuta ndinu anthu."

Mayi Sopo anangolowa. Pali anthu ena amene kuwayankha n'kuwononga mpweya, ndipo tsiku limenelo mpweya unali wosowa.

Kuseri kwa kanyumba kaja manja anali atatulukira kale pawaya. Mayi Sopo anavula masiki ija, koma mtima unamukaniza kuipereka momwe inalili. Anatulutsa kabotolo ka madzi ndi kachidutswa ka sopo m'chikwama, n'kuifikisa msangamsanga, n'kuifinya, n'kuipereka.

"Iii! Yanyowa!" anakuwa woilandira. "Ndani wanyowetsa masiki yathu? Anthu ena nkhanza! Mukufuna tidwale chimfine?"

Matemberero anamutsata mpaka pakhonde la chipatala. Pazenera la mankhwala anapeza mtsikana wantchito akuseka pafoni, masiki ikulendewera kukhutu limodzi ngati ndolo. Pamwamba pa mutu wake panali chithunzi chachikulu chophunzitsa kavalidwe koyenera. Mtsikanayo sanayang'ane n'komwe kuti wabwerayo wavala mpango kapena chiguduli. Anaponya kampope pathabwa, ndipo Mayi Sopo atangokatola, thabwa lotsekera linagwa kuti phaa, anthu ambiri akadali kumbuyo kwake.

Ulendo wobwerera anauyenda chothamanga, kampope atakafumbata pachifuwa. Koma mtima sunapepuke. Ankadziwa kuti wanyamula mankhwala, koma sankadziwa chinanso chimene wanyamula.

"Mayi Sopo, lero mwavala mpango kukamwa? Fasho yatsopano?" anakuwa mneba wina pakhonde paja, anzake n'kuphulika kuseka.

Iye anangowadutsa. Anazungulira kuseri kwa nyumba, n'kuvula zonse za kuchipatala n'kuzinyika m'beseni, n'kusamba pampopi mpaka khungu kuwawa. Anatsuka m'kamwa ndi madzi amchere, n'kuvala diresi imene inali pachingwe, n'kumanga nsalu yoyera kumaso. Kampope nako anakapukuta ndi thovu. Anali ataganiza kale panjira kuti salowa m'chipinda chija kwa masiku ndithu. Azigona kukhitchini, chakudya azipereka pazenera, mpaka ataona kuti thupi lake lili bwino.

Anagogoda pagalasi la zenera la bambo ake. "Ababa, ndabwera. Tsegulani pang'ono, mulandire."

Bambo aja anali atatsetsereka pamapilo, milomo itachita imvi. Anakwawira kuzenera, n'kulitsegula movutikira, n'kulandira kampope. Koma manja awo ankanjenjemera ngati tsamba. Anayesa kukaika pakamwa, chala chinakana kudina. Anayesanso, kampope kanapulumuka n'kugubuduzikira pansi pa bedi.

"Lowa... mwanangu," ananong'ona. "Waima panja... bwanji?"

Mayi Sopo anagwira chitsulo cha zenera. Miyezi yonse ija ya ndowa, ya kusekedwa, ya kuimba yekha, inathera pamenepa: munthu amene akanatha kulowetsa matenda m'chipindamo anali iye mwini, ndipo wina wolowamo panalibe. Anaganiza za aneba aja, n'kukumbukira kapu yawo imodzi ija. Ayi.

Anatsegula chitseko. Ali pakhomo anakoka mpweya wambiri, n'kuutsekera m'chifuwa. Anagwada, n'kusolola kampope pansi pa bedi, n'kudzutsa bambo ake ndi mkono umodzi, n'kuwaika kampope pakamwa. Anadina. Anadikira. Anadinanso. M'maso mwake munayamba kuchita nyenyezi, chifuwa chikutentha ngati chaikidwa makala, koma sanapume. Nkhope yake inali pafupi ndi yawo, ndipo anamva kulira kuja kukutsika pang'onopang'ono, mpweya ukuyamba kupeza njira. Atawatsamiritsa bwino anathamangira panja, n'kugwira khoma, n'kupuma mosisima ngati munthu wovuulidwa m'madzi.

"Wathawa chiyani?" anafunsa bambo ake. Mawu anatuluka athunthu, osaduka.

"Palibe, ababa. Pumani. Ndili pompano pazenera."

Anakhala pansi pa zeneralo, msana atatsamira khoma, akumvetsera. Za mawa sankazidziwa, ndipo madzulo ankayenera kulowanso chimodzimodzi. Koma m'chipindamo munthu ankapuma. Patali hutala wa galimoto ina yaikulu ankalira, kulamula anthu kuti apatuke.

Tsono inu amene mwawerenga, Iye amene anauzira mpweya m'mphuno mwa munthu woyamba akusungireni wanu. Akutetezeni kwa alonda osalonda ndi kwa olamula osamvera, alimbitse manja anu pamene mukusamala okalamba anu, ndipo mtendere wake ukhale pakhomo panu, polowa ndi potuluka. Ameni.