Dzino la Thandazani Pamwamba pa Denga

Thandazani Daka anagwa Loweruka masana, pa 4 Okutobala 2025, pabwalo la simenti kuseri kwa nyumba yawo ku Kabwata. Iye ndi anzake ankaphunzira kavinidwe ka pa ukwati wa msuweni wake Cheryl, womwe unali pa 25 mwezi womwewo. Mtsikanayu, wa zaka khumi ndi chimodzi, ndiye anasankhidwa kutsogolera mzere wa ovina. Potembenuka, phazi lake linakodwa mu waya wa sipika yolumikizidwa ku batire, ndipo anamenyetsa pakamwa pa sitepe ya khomo.

Atadzuka, mlomo wa m'mwamba unali utang'ambika pang'ono ndipo magazi ankatuluka m'nkhama. Dzino limodzi lakutsogolo, la m'mwamba, linali pansi, lathunthu.

Mayi ake, a Winifred, anatuluka m'khitchini akuthamanga. Azakhali ake a Peggy, amene ankaphunzitsa kavinidweko, anali atatola kale dzinolo.

"Osalila, mami," anatero a Peggy. "Tonse tinagulukapo mano. Ona!"

Analiponya pamwamba pa denga la malata monga momwe ankachitira ali ana ku Katete. "Khwangwala azatenga ili, azakubweletsela lanyowani."

Thandazani anapisa lilime pampata paja, n'kulira kwambiri. "Sinizavina ine! Bazaniseka ku sukulu!"

Kulirako kunamveka kutsidya kwa mpanda, kwa a Chipasha Mulenga, amene amagwira ntchito yosamalira mano pa chipatala china cha boma mumzindamo. Anabwera manja ali ndi thovu la sopo, chifukwa ankachapa.

"Shani kuno, amake Thanda? Mwana wachita bwanji?"

Anamukhazika mtsikanayo pampando, n'kumuuza kuti ayasamule. Anaona lilime ndi mkati mwa masaya. Anagwira nsagwada mbali zonse ziwiri, n'kumuuza kuti atseke pakamwa pang'onopang'ono. Mano a m'mwamba ndi a m'munsi anakumana bwino. Kenaka anapinda kansalu koyera, n'kukaika pabalapo.

"Luma apa, osasiya. Nsagwada ili bwino. Manje dzino lili kuti?"

A Peggy analoza kudenga.

"Ba Peggy, mwaponya dzino la mwana wa giledi sikisi?"

"Nanga si lizamela lina?"

"Awe, silizamela. Mano a mkaka akutsogolo amaguluka mwana ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi kapena zisanu ndi ziwiri. Amene amamera pambuyo pake ndi okhazikika, ndipo ndi omaliza. Koma tikalipeza msanga, ola lisanathe, lingathe kubwezeredwa n'kugwiranso."

"Dzino kubwelela mkamwa? Monga chimanga chobyala?"

"Monga mbande ya tomato. Muzu ukauma, basi, yafa. Malata aja atentha, tiyeni tifulumire."

Bambo a Thandazani anali ku ntchito ku Chelstone, ndipo panalibe mwamuna wina pakhomopo. A Winifred sanadikire. Anakoka makwerero amene ankathyolera mapeyala, anamanga chitenje m'chiuno mwamphamvu, n'kuvula mapatapata.

"Mulamu, muzagwa!" anakuwa a Peggy. "Mai wa chigwirizano pamwamba pa nyumba, bantu bazakamba chani?"

"Akambe. Inu gwirani makwerero, ndinu mwaponya."

Uku a Winifred akukwera, a Chipasha anafunsa ngati m'nyumbamo munali mkaka. A Peggy anati munali wowawasa wokha, chifukwa magetsi anali atazima kuyambira m'mawa.

"Wowawasa ayi. Ufunika mkaka wamba, wosathira shuga."

A Chipasha anapita okha pa kantemba, kagolosale ka pangodya, n'kubwera ndi paketi ya mkaka wa tiyi. Anauthira m'makapu awiri oyera.

Pamwamba paja a Winifred ankakwawa, akufufuza m'mizere ya malata ndi m'ngalande ya madzi a mvula yodzaza masamba ouma. Malata ankawawotcha mawondo. Mwadzidzidzi anafuula.

"Ba Chipasha! Kuno kuli mano awiri!"

Ana a mzere wa ovina anaphulika kuseka, ndipo ngakhale Thandazani anamwetulira kansalu kali kukamwa.

"Linalo ndi lakale, khwangwala wa ba Peggy analiiwala," anayankha a Chipasha. "Onani bwino. Dzino la mkaka loguluka lokha ndi laling'ono, lilibe muzu. Lathu ndi lalikulu, lili ndi muzu wautali wosongoka. Muligwire kumutu, koyera kuja kotafunira. Kumuzu musakhudze."

A Winifred anatsika ndi dzanja limodzi, linalo atanyamula dzino ngati dzira. Linali ndi fumbi ndi kachidutswa ka tsamba. A Peggy, pofuna kukonza cholakwa chawo, anathamangira mswachi ndi sopo.

"Bweletsani nilikweche liyele."

"Ayi, ba Peggy. Pamuzu pali timinofu tamoyo tosaoneka ndi maso. Ndi timene timalumikiza dzino ku fupa la nsagwada. Mukakwecha, kapena mukalikulunga m'pepala, timafa."

A Chipasha analitsukuluza pang'ono m'kapu yoyamba ya mkaka. Ankafuna kulibwezera pomwepo m'dzenje lake, koma Thandazani ankakana kuyasamulanso. Sanamukakamize. Analimiza m'kapu yachiwiri, n'kuimbira foni dokotala wa mano amene anali pa ntchito tsikulo. A Winifred anaitana takisi. Ulendo wonse a Peggy ndiwo anafumbata kapuyo ndi manja awiri, akukalipira dalaivala pa bampu iliyonse.

Anafika kuchipatala ola lisanakwane chigwereni mwanayo. Dokotala anabaya jakisoni wochititsa dzanzi m'nkhama, anatsuka dzenjelo, n'kulowetsamo dzino. Analimangirira ku mano oyandikana nalo ndi kawaya kopyapyala, ndipo anasoka mlomo. Anaonanso ngati Thandazani analandira katemera wa kafumbata, n'kumupatsa mankhwala oletsa kuti bala lisaole.

"Kwa masabata awiri adye zofewa zokha," anatero dokotala. "Nzimbe ayi, chimanga chootcha ayi. Azitsuka mano ndi mswachi wofewa. Mubwere naye sabata yamawa kuti tichotse mtsempha wa m'kati mwa dzinoli, chifukwa unaduka pogwa paja. Tikausiya ungayambitse mafinya."

"Nanga kuvina, ba dokota?" anafunsa Thandazani movutika, mlomo uli wotupa.

"Ayambe apuma. Kenaka avine, koma waya wa sipika achotse panjira."

A Winifred anasunga masiku onse amene anapatsidwa. Kawaya kanachotsedwa pa 18 Okutobala. Chithunzi cha mkati mwa nsagwada chinaonetsa kuti muzu wakhala pamalo pake. Dokotala anawauza kuti azibwerabe naye kuti aziona mmene dzinolo likukhalira, chifukwa dzino lobwezera limafuna kuliyang'anira kwa zaka zingapo.

Pa 25 Okutobala, mu holo ya ku Woodlands, zitseko zitatseguka, Thandazani ndiye analowa patsogolo pa mzere. Ankavina akumwetulira, mano onse ali poyera, opanda gweru. Anthu anaimirira, nthungululu zili ponseponse. A Peggy anathamangira kutsogolo, anamukupizira chitenje, kenaka anakakoka a Chipasha pampando kuti avine nawo.

"Uyu ndiye khwangwala wazoona!" anafuula. "Uja wina ni wabodza!"

Phunziro la nkhaniyi ndi ili. Dzino la mkaka likaguluka silibwezeredwa, chifukwa lingawononge dzino latsopano limene likukula pansi pake. Koma dzino lokhazikika likazuka pangozi, musalitaye. Ligwireni kumutu, osati kumuzu. Ngati lada, litsukuluzeni mu mkaka, osalikwecha. Ngati mungathe, libwezereni m'dzenje lake ndipo wovulalayo alume kansalu koyera. Ngati simungathe, liikeni mu mkaka wamba, ndipo pitani nalo kwa dokotala wa mano nthawi yomweyo, ola lisanathe. Dzino la Thandazani lili m'kamwa mwake lero chifukwa banja lake linachita zimenezi.