Mwana wa Abusa m'Chipinda Chachinayi

Aphunzitsi anafika ku nyumba ya okalamba Lachiwiri m'mawa, ali pa njinga ya olumala, sutikesi ili pamiyendo. Anawabweretsa ndi mwana wa mlongo wawo, amene anawasunga zaka ziwiri chigwereni m'bafa n'kuthyoka chiuno. Mkazi wake anali atatopa, ndipo Aphunzitsi sanamuimbe mlandu.

"Azakhali, ndizibwera Lamlungu lililonse," anatero iye, maso ali pansi.

"Uzibwera ukapeza mpata."

Mayi woyang'anira nyumbayo anawazungulitsa monse: kodyera ndi uku, kochapira ndi uku, mukafuna munthu muziliza belu ili. Aphunzitsi ankangogwedeza mutu. Sanamuuze kuti simenti ya pakhondepo anaiona ikuthiridwa ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, poti nyumbayo anaiyambitsa ndi bambo awo, abusa a mpingo wa Baptist. Anawapatsa chipinda chachinayi, momwe kale munkasungidwa sopo ndi mabulangete. Anayang'ana zenera, anayang'ana bedi, n'kudikira kuti mtima uchitepo kanthu. Mtima unangoti zii.

Patapita milungu itatu kunabwera alembi a mpingo, bambo wa mandala okhuthala, atanyamula kope.

"Amayi, nyumba ino ikukwanitsa zaka makumi asanu ndi awiri, ndiye andituma kuti ndilembe mbiri yake. Mwatsala ndinu nokha amene munaona chiyambi. Ndamva kuti nkhalamba yoyamba inalandiridwa ndi kwaya."

"Kunalibe kwaya," anatero Aphunzitsi. "Kunali ntchentche."

Alembi anaimitsa cholembera.

Aphunzitsi anafotokoza monga ankaitanira mayina a ana m'kalasi, mawu osakwera, osatsika. Bambo awo anapeza munthu wokalamba atagona kuseri kwa tchalitchi, pafupi ndi dziwe lobatizira, mwendo uli ndi chilonda. Sankayankhula, ndipo dzina lake palibe analidziwa. Ankangomutchula kuti a Chisoti chifukwa sankalola kuti amuvule chisoti ngakhale pomusambitsa. Abusa anamubereka mpaka kunyumba, n'kubwerera kukatsogolera mapemphero. Amayi a Aphunzitsi ndi amene anamusambitsa, kumuwenga zikhadabo ndi kumumwetsa phala ndi supuni. Nkhalambayo inakhala masiku khumi ndi limodzi, n'kumwalira.

"Mbiri itamveka, anthu anayamba kusiya makolo awo pageti. Ena ankagogoda, ena ayi. Atakwana asanu ndi awiri, ife ana tinasamukira kukhitchini, ndipo madikoni anachita manyazi n'kuyamba kuumba njerwa. Bambo ankalalikira ndi kupempha malata. Amayi ankachapa."

"Kwa nthawi yaitali bwanji?"

"Zaka makumi awiri ndi zitatu. Manja awo anali ong'alukang'aluka, moti sankatha kutipesa tsitsi. Anamwalirira m'chipinda chachiwiri, apa pafupi."

Alembi anavula mandala n'kuwapukuta. "Nanga inu, monga mwana, munkamva bwanji?"

"Ndinkamva fungo la mkodzo."

Alembi anaseka pang'ono, kenako anaona kuti akuseka okha.

"Pamwala wapakhomo pali dzina la abusa lokha," anatero. "Ndikauze komiti kuti tiwonjezere la amayi?"

"Chitani mmene mungaonere. Eni ake sankadziwa kuwerenga."

Tsiku la chikondwerero linafika. Anakhoma tenti pabwalo, kwaya inaimba, ndipo Aphunzitsi anawaika kutsogolo atawamangirira duwa la pepala pachifuwa. Alembi sanabise kanthu. Anawerenga za a Chisoti, za pageti, za manja a amayi abusa. Amayi amumpingo ankapukuta misozi. Mwana wa mlongo wawo, amene anabwera kachiwiri kokha chiwasiyireni, anagwada pambali pa njinga n'kulira ngati pamaliro.

"Azakhali, mundikhululukire. Sindinkadziwa."

Aphunzitsi anamusisita paphewa, poti ndi zimene munthu amachita. Nkhani yonseyo ankaimva ngati uthenga wa pawailesi wonena za anthu akutali. Anthu ataomba m'manja, nawonso anaomba. Nsalu itachotsedwa pamwala watsopano, anaona kuti dzina la amayi awo alilemba bwino, popanda cholakwika, ndipo anauza alembi choncho.

Keke asanadule, anapempha kuti awabwezere mkati, nthawi ya mapiritsi inali itakwana. M'khonde anapeza a Telala, a m'chipinda chachisanu, atakhala pampando wawo, akupinda ndi kupindula kansalu kamodzimodzi.

"Kunja kuli chiyani?" anafunsa a Telala.

"A mpingo."

"Kodi lero ndi Lamlungu?"

"Loweruka."

"Oo." A Telala anapitiriza kupinda.

Namwino anabweretsa mapiritsi awiri oyera ndi kapu ya madzi. Aphunzitsi anameza, n'kupempha kuti atseke zenera chifukwa zokuzira mawu zinkasokosa.