Woyambira Kumchira

Buku linali limodzi, owerenga anayi. Atelala analimasula n'kulisoka m'zigawo zitatu kuti wina akamaliza chigawo azipatsira mnzake. Make mapasa, poti ndiye analowa m'gululo pomaliza, anali kumapeto kwa mzere. Ataona chigawo chachitatu chikungodya fumbi pashelefu ya ulusi, anachitenga. Chovala chimene chauma ndicho umayamba kusita.

Choncho anzake asanafike patali, iye anali atadziwa kale amene ankasuntha makiyi ndi kubisa mankhwala kuti mayi wa m'nkhaniyo aziyesa wapenga. Sanali mwamuna wake ayi. Anali mnzake wapamtima, uja wobweretsa maluwa.

Tsono gululo linali ndi lamulo: woulula mathero wina asanamalize, buku lotsatira saliona, ndipo pakhomopo asapondepo. Loweruka masana m'shopu ya atelala inali nthawi yokhayo imene ana a Make mapasa ankatsala ndi bambo awo, iye n'kumwako tiyi akadali wotentha. Mwayi wotere sukanatayika chifukwa cha pakamwa.

Tsiku lokambirana, alamu ake, amene anamubweretsa m'gululo, anafika asanamalize. Anakhala pamulu wa nsalu, magalasi pamphuno, n'kumawerenga masamba otsalawo ena akudikira.

“Ine bukuli landipweteka,” anadandaula anamwino, mmodzi mwa owerenga anayiwo. “Dzana ndasowa makiyi, ndangoyamba kuwayang'ana ndi diso lofiira bambo a kunyumba. Makiyiwo ali m'thumba langa lomwe.”

“Inu ndiye bola,” anatero atelala. “Ine sizasi ikasuntha ndikumafunsa chidole chovekera madiresichi.”

Alamu anadzutsa mutu. “Mwamunayu ndi njoka, ndinamuona kalekale. Koma mnzakeyu, abale! Anthu otere alipobe? Ndendende ine ndi iwe, mlamu. Ine ndine wamaluwayu.”

Tiyi anamulowa m'mphuno Make mapasa. Mawu anafika pammero, otentha ngati simbi. Anamwino anayang'ana kudenga, atelala anayamba kupota ulusi wopota kale.

“Bwanji mlamu? Ukukana?”

Make mapasa anatola bisiketi n'kuiponya yonse m'kamwa. Anatolanso ina. Anangogwedeza mutu uku akutafuna, misozi ili lengelenge.

“Mwanayu kwawo sakumudyetsa,” anatero alamu, n'kubwerera patsamba.

Anatembenuza tsamba, n'kutembenuzanso lina. Kenaka magalasi awo anagwa.

“Mayo ine! Galu wachabechabe! Ndi maluwa akewo!”

Chiseko chinaphulika mpaka wodutsa mumsewu anasuzumira.

“Wamaluwa, takulandirani,” anatero anamwino akugwada.

“Ndabweza mawu anga! Iwe mlamu, unkadziwa nthawi yonseyi?”

“Kuyambira tsiku loyamba, alamu. Ndinayambira kumchira.”

“Ndiye unamva kukoma kwanji, wopanda mantha?”

Make mapasa anapukuta nyenyeswa pamlomo. “Mantha analipo, koma ena. Inu mumaopa mwamuna wosalakwa. Ine mkazi uja akangogogoda, mtima umangoti tseka chitseko, mayi iwe, maluwawo aponye kudzala. Tsiku lina ndinakalipira tsamba mpaka mapasa anadzuka.”

Atelala anamuyang'ana. “Ndiye kuti mwawerenga buku lina, losiyana ndi lathu. Lotsatirali muyambe ndinu chigawo choyamba.”

“Ayi, ndipatseni chakumchira chomwecho. Bola mabisiketi muzigula ambiri.”

Anadzithiriranso tiyi. Anali akadali wotentha.