Opaleshoni Yosawondetsa

Kukomboni ya Kanyama munthu saloledwa kuwonda mwakachetechete. Masaya akangophwa pang'ono, azimayi a pampopi amakhala atadziwa kale dzina la matenda ako, amene anakupatsa, ndi mwezi umene adzadye kabichi pamaliro ako. Tionge sankachita kumva kwa ena zimenezi, zinamuchitikira yekha.

Mwamuna wake, Hosea, anamwalira ndi Edzi mwana wawo Karen akadali kumsana, masiku aja mankhwala asanafike kwa amphawi. Anapita atatsala mafupa okhaokha. Tionge anakayezetsa kangapo ndipo magazi ake anali bwinobwino, koma ndani akanamukhulupirira? Chisoni chinali chitamudya thupi, ndipo zitumbuwa ndi chakumwa cha munkoyo zimene ankagulitsa pageti ya fakitale ina ku Heavy Industrial zinayamba kubwerera kunyumba. Ndiye anagula mapilitsi onenepetsa pamsika n'kuyamba kudya ngati walembedwa ganyu. Thupi litabwera, ogula anabweranso, ndipo omwe aja ankanong'onezana anayamba kunena kuti amake Karen anapulumuka. Kuyambira pamenepo thupi lake linali mboni yake, ndipo ankalisamala kuposa china chilichonse.

Mboni ija inadzamutembenukira Karen atakula. Kunabwera shuga, kenaka kuthamanga kwa magazi, maondo nawo n'kuyamba kukana. Makondakitala a minibasi akamuona pasiteji ankayang'ana kumwamba ngati akufufuza mvula. Kuchoka pakhomo kukafika pamsewu ankapuma panjira atagwira khoma la eni ake, akunamizira kupereka moni.

Karen, amene tsopano ankaluka tsitsi pasaluni ina ku Matero, anamva kwa kasitomala kuti pachipatala china chachikulu m'tauni pakubwera madokotala akunja odzachita opaleshoni yaulere kwa anthu amene kunenepa kukuwapha. Anawakoka mayi akewo mpaka anakalowa nawo m'kachipinda ka Dokotala Namukolo, mtsikana wa Chilozi wochepa thupi, amene Tionge atangomuona anamumvera chisoni.

Dokotalayo sanabise mawu. Anati shuga yayamba kale kupha mitsempha ya kumapazi, ndipo thupi likapanda kuchepa, adzataya mwendo kapena moyo. Kenaka anatenga chifu chapulasitiki n'kufotokoza, m'Chinyanja chake chotsimphina, kuti njira zilipo ziwiri. Yoyamba amadula mbali yaikulu ya chifu n'kuitaya, kotsalako n'kukhala ngati nthochi, ndipo chimene chadulidwa sichibwereranso. Yachiwiri amasoka kathumba kakang'ono pamwamba pa chifu n'kukalumikiza kumatumbo kuti chakudya chizilambalala. Imeneyi ndiyo imagonjetsa shuga bwino, koma munthu amamwa mavitamini moyo wake wonse. Karen anafunsa mafunso onse anzeru, za kuopsa kwake, za masiku ogona m'chipatala, za zakudya. Tionge anangoika manja pamimba mpaka dokotala anamufunsa ngati ali ndi funso.

"Ba dokota, niuzeni chabe chimozi," anatero. "Pa izi zibili, ni iti yamene munthu sayonda?"

Dokotala anayamba kuseka, koma atayang'ana nkhope ya Tionge analeka. Anayankha kuti zonse ziwiri zimawondetsa, ndiyo ntchito yake.

"Nanga yamene iyondesa pang'ono pang'ono, kuti bantu basaone?"

Yoteroyo panalibe. Dokotala anati kwa munthu wa shuga yachiwiri ija ndiyo yabwino, Karen anavomera mwachangu, ndipo Tionge anagwedeza mutu chifukwa anali atatopa. Panatsala lamulo limodzi: akunjawo asanafike anayenera kuchepetsako thupi yekha kuti chiwindi chiphwe, apo ayi sakamugwira. Anamuletsa zokazinga, zotsekemera ndi mbale zodzaza.

Tisamunamizire, mayiyu anayesa. Ankakazinga zitumbuwa m'mawa osalawa ngakhale chopserera, masana n'kudya ndiwo zamasamba ndi kadzira kowiritsa. Patapita milungu ingapo anayamba kufika pamsewu osagwira khoma la munthu. Tulo ankagona tabwino. Chitenje chimene kale chinkangokumanizana m'chiuno chinayamba kupitirira, ndipo tsiku lina anadzipeza akuimba potsuka mbale. Anasangalala, ndipo chisangalalocho chinamuchititsa mantha.

Woyamba kubwera anali Sophia, mnansi wake, amene ankakhala naye benchi imodzi kutchalitchi. Sanabwere ndi mwano, ndipo zikanakhala bwino akanabwera nawo. Anakhala pakhonde, n'kumugwira dzanja, n'kutsitsa mawu. Anati masiku ano si kale, mankhwala alipo, ngakhale mlamu wake akumwa ndipo ali bwino, chachikulu n'kusachedwa. Anati matenda aja amatha kubisala zaka zambiri. Tionge anafotokoza zonse, za nthochi, za kathumba, za madokotala akunja. Sophia anamvetsera mpaka kumapeto akugwedeza mutu mwachifundo, kenaka anati sayenera kuchita manyazi ndi iye. Munthu wamzeru zake angapite bwanji kukadulitsa chifu kuti ataye thupi limene ena amalipempherera?

Mlungu womwewo nkhani inafika pageti ya fakitale. Enos, wonyamula matumba amene anamwa munkoyo wa Tionge kuyambira ali wosakwatira, anaima patebulo, n'kuyang'ana kapu, n'kuyang'ana khosi la mayiyo, n'kunena kuti lero m'mimba simuli bwino. Anawoloka msewu n'kukagula kwa mayi wina. Pochoka Tionge anamva wina akuseka kuti ba Hosea abwerera kudzatenga katundu wawo. Ambiri anagulabe, zoona, ndipo mwina akanapirira mwezi umodzi zikanazizira. Koma Tionge sankaona amene akugulawo. Ankaona beseni la zaka zija likubwerera kunyumba lodzaza, mwana akulira kumsana.

Mawa lake masana anakhala pampando wake pageti pomwepo, n'kuika beseni pamiyendo, n'kuyamba kudya zitumbuwa chimodzichimodzi anthu onse akuona. Mafuta ankatsikira m'zigongono. Sizinkamukomera n'komwe, koma anadya mpaka Enos anaona.

Karen atazindikira analira, anakalipa, anagwada. Anabisa mafuta ophikira, mayi ake n'kukagula ena.

"Mami, aba bantu ba pa pompi sibazakupasani mwendo wina," anatero. "Balekeni bakambe."

"Iwe unali ku musana, mwana wanga. Sunaone."

Tsiku lokaonana ndi dokotala litakwana, Tionge anati akuganizabe kuti asankhe iti. Mlungu wina anati ya nthochi ija ikumuopsa chifukwa sibwerera. Mlungu wotsatira anati ya kathumba ndiyo yoipa, chifukwa anthu akamuona akumwa mapilitsi tsiku ndi tsiku adzati chiyani? Akusankhabe choncho, madokotala akunja anabwera, anachita ntchito yawo, n'kukwera ndege. Thupi linabwerera lonse ndi lina lowonjezera, ndipo pampopi anayambanso kumupatsa moni wa mano onse.

Mvula itagwa, Kanyama inasefukira monga mwa chaka chilichonse. Tionge ankadutsa m'madzi akudawo m'mawa ndi madzulo, beseni pamutu, akupapasa miyala ndi mapazi amene sankamvanso kanthu. Sanadziwe tsiku limene botolo losweka linamucheka. Anangoona patapata wake ali ndi magazi, n'kumanga kansanza, osauza munthu. Karen anadziwa ndi fungo. Pamene ankamukweza pawilibala kupita naye kumsewu, zala ziwiri zinali zitada kale ndipo kudako kunali kukwera.

Anamugoneka m'chipatala chomwe chija. Dokotala wa mafupa, bambo wachikulire wotopa, anaima pamapazi a bedi n'kunena kuti phazi lapita, ndipo njira zilipo ziwiri. Akhoza kudula pansi pa bondo kuti bondolo litsale, koma magazi ake sakuyenda bwino, chilonda chikhoza kukana kupola n'kudzadulanso. Akhoza kudula pamwamba pa bondo, pamene pamapola msanga, koma ndi thupi lakelo kuyendanso kudzakhala kovuta. Anati aganize msanga chifukwa nthawi yosankha inali yochepa. Dokotala Namukolo anadutsa m'wodimo, anamuzindikira, anaima pang'ono n'kumugwira phewa. Sanamudzudzule, ndipo Tionge anatembenukira kukhoma.

Nthawi yoona odwala Sophia anabwera ndi nthochi m'pulasitiki. Anali atamva kwa anamwino pakhomo chimene chavuta, ndipo nkhope yake inali yowala ngati wabwera ndi uthenga wabwino.

"Kansi ni shuga chabe, amake Karen," anatero akukhala pabedi. "Ise tenze tinayamba kuganiza vinangu. Mulungu ni wabwino. Onani na thupi mwamene yabwelela."

Karen anaimirira kuti amutulutse, koma atayang'ana mayi ake analeka. Tionge anali akumwetulira. Sikunali kumwetulira kwaulemu kopatsa mlendo, kunali kwa munthu amene wapambana mlandu umene unamusowetsa tulo zaka zonse. Misozi inkatsikira m'makutu, ndipo anagwira dzanja la Sophia mwamphamvu.

Sophia atapita, Karen anakhala pansi n'kufunsa mwakachetechete kuti akamuuze chiyani dokotala, pansi pa bondo kapena pamwamba.

"Iliyonse, basankhe beka," anatero Tionge. "Koma iwe ukafika ku nyumba, upitile pa pompi. Ubauze bonse kuti ni shuga."